Nyumba Yochotsa Chitonzo: Mbiri ya Chipatala cha Amayi cha ku Addis Ababa

Mwa zipatala zonse zimene zinamangidwa mu Africa muno chifukwa cha amayi, palibe chimene mbiri yake imandigwira mtima koposa chija cha mumzinda wa Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, pakuti pamene zipatala zina za uchembere zimalandira mayi woyembekezera kuti achire ndi kubwerera kwawo khanda lili kumsana, ichi chimalandira amayi aja amene uchembere unawapweteka, nuwasiya manja ali m'khosi, mwana atatsikira kuli chete, thupi litabooka, ndi abale atawafulatira. Dzina lake ndi Addis Ababa Fistula Hospital, ndipo anachikhazikitsa m'chaka cha 1974 ndi madokotala awiri, mwamuna ndi mkazi wake, Reginald ndi Catherine Hamlin, amene anafika m'dzikolo ndi cholinga china, napeza ntchito imene sanaiyembekeze ikuwadikira pakhomo.

Kuti munthu amvetse chimene chipatalachi chinadzera, ayenera kuyamba wadziwa nthenda imene madokotala amaitcha fistula, imene ambiri kwathu kuno amangoitchula monong'ona kuti mayi uje akudontha mkodzo. Mayi akayamba matenda, ndipo n'kupezeka kuti mutu wa mwana wakula koposa mpata wa mafupa a m'chiuno, kapena kuti mwanayo wagona mopingasa, chiberekero sichileka kukankha ayi. Chimakankhabe usana ndi usiku, masiku atatu, anayi, ngakhale kuposerapo, ndipo nthawi yonseyo mutu wa mwana umakhala utapanikiza minofu yofewa ya mayi ku fupa, kotero kuti magazi amalephera kuyenda m'minofumo. Mnofu umene magazi sakufikako umafa. Mwana nayenso kawirikawiri amafera m'mimba momwemo, ndipo amatuluka pokhapokha mutu wake utafota. Pakapita masiku owerengeka, mnofu wakufa uja umayoyoka, nusiya chiboo pakati pa njira yoberekera ndi chikhodzodzo, mwinanso pakati pa njirayo ndi thumbo la chimbudzi. Ndipo kuyambira tsiku limenelo mkodzo umangotsika wosaleka, poyenda, pokhala ndi pogona pomwe, popanda mwini wake kutha kuuletsa.

Chotsatira chake n'chowawa koposa balalo. Fungo limathamangitsa mwamuna. Mayiyo sangathenso kukhala pakati pa anzake pamtondo, kumsika, kapena m'nyumba ya mapemphero. Kwawo amamumangira kakhumbi kumapeto kwa mudzi, kumene amakhala yekha ndi chisoni cha mwana amene sanamuyamwitse. Ena amaleka kumwa madzi poganiza kuti kudonthako kuchepa, ndipo mkodzo wochepa umene ukutsikawo umawawula khungu la m'ntchafu; ena amagona chopinda miyendo miyezi yambiri podikira kuti mwina chiboocho chitsekeka chokha, kufikira mawondo atauma osathekanso kuwongoka; enanso phazi limalendewera chifukwa mitsempha ya m'chiuno inaphwanyika pa nthawi ya matenda ija. Amene anawerenga m'Uthenga Wabwino za mayi uja anataya mwazi zaka khumi ndi ziwiri, natha chuma chake chonse kwa asing'anga, nadza mobisala kumbuyo kwa khamu la anthu chifukwa cha manyazi, adzazindikira msanga mtundu wa moyo umene tikunenawu.

Nthendayi si ya lero. Akatswiri a ku Cairo atapima mtembo woumikidwa wa Henhenit, mmodzi wa akazi a m'nyumba ya Farao Mentuhotep II, amene anakhala ndi moyo zaka ngati 4,000 zapitazo, anapeza chiuno chake chili chopapatiza, ndi chiboo chachikulu m'chikhodzodzo. Ku Ulaya ndi ku America nakonso amayi anali kuvutika nayo chimodzimodzi, ndipo madokotala anali kuiyesa nthenda yosachizika, mpaka pamene James Marion Sims, wa ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, anapeza njira yosokera chiboocho ndi ulusi wa siliva. Koma pano tiyenera kunena zoona ngakhale zili zowawa: pakati pa 1845 ndi 1849 Sims anaphunzira lusoli pa matupi a akazi akuda amene anali akapolo, opanda ufulu wokana, ndipo anawang'amba kambirimbiri popanda mankhwala ochititsa dzanzi. Atatu mwa iwo mayina awo anasungidwa, Anarcha, Betsey ndi Lucy, ndipo Anarcha yekhayo anachitidwa opaleshoni ka 30 asanachire. Ine ndiyesa kuti m'mbiri iliyonse ya chithandizo cha nthendayi mayina atatuwa ayenera kutchulidwa ndi ulemu woposa wa dokotalayo, pakuti iwo ndiwo analipira mtengo wake. M'chaka cha 1855 Sims anatsegula chipatala cha amayi ku New York, chotchedwa Woman's Hospital, chimene ntchito yake yaikulu poyamba inali yosoka ziboo zomwezi. Komabe m'mene zaka zinali kupita, azamba ophunzira atachuluka, misewu itakonzedwa, ndi opaleshoni yotulutsa mwana itasanduka chinthu chosaopsa, nthendayi inazilala m'mayiko amenewo, kufikira madokotala anali kumaliza maphunziro awo osaionapo ndi kamodzi komwe. Ndipo pamalo ena pamene chipatala cha ku New York chija chinakhalapo, pali lero hotela ya Waldorf-Astoria.

Ku Ethiopia zinthu zinali zina. Ndi dziko la mapiri ataliatali ndi zigwa zakuya, kumene mudzi umatha kukhala ulendo wa masiku awiri kapena atatu wapansi kuti munthu afike pamsewu wa galimoto. Atsikana ambiri anali kukwatiwa ali ana, atakula movutika ndi chakudya chochepa ndi mitolo yolemera ya nkhuni ndi mitsuko ya madzi, kotero kuti pakati panali kuwapeza mafupa a m'chiuno asanakhwime. Ndipo imfa ya uchembere sinali kuopa ngakhale chipata cha nyumba yachifumu. Tsehai, mwana wamkazi wa mfumu yaikulu Haile Selassie, anaphunzira unamwino m'zipatala za ku London pa zaka zija banja lachifumu linali kunja kwa dziko pothawa nkhondo ya Ataliyana. Anabwerera kwawo ndi mtima wofuna kutumikira odwala, koma m'chaka cha 1942, ali ndi zaka 22 zokha, anamwalira pa zovuta za uchembere kutali ndi likulu la dziko. Abwenzi ake a ku Britain, motsogozedwa ndi Sylvia Pankhurst, anasonkha ndalama zomangira chipatala chomukumbukira mu Addis Ababa, chotchedwa Princess Tsehai Memorial Hospital, ndipo m'menemo ndi mmene mbiri yathu inayambira.

Catherine Nicholson anabadwa pa 24 January 1924 mumzinda wa Sydney ku Australia, namaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya mumzindawo m'chaka cha 1946. Pogwira ntchito pa chipatala cha amayi cha Crown Street anakumana ndi Reginald Hamlin, mbadwa ya ku New Zealand, amene anali mkulu wa madokotala pamenepo, ndipo anakwatirana m'chaka cha 1950. Onse awiri anali Akhristu olimba, olakalaka kukatumikira kumene madokotala anali osowa. Ataona chilengezo m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, chakuti boma la Ethiopia likufuna madokotala a uchembere okatsegula sukulu ya azamba pa chipatala cha Princess Tsehai, anavomera, nafika ku Addis Ababa m'chaka cha 1959 pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka zisanu ndi chimodzi. Pangano lawo linali la zaka zitatu. Owerenga asunge mfundo imeneyi mumtima, kuti anthuwa anaitanidwira kuphunzitsa azamba, pakuti tidzabwereranso kwa iyo patsogolo.

Asanazolowere n'komwe mphepo yozizira ya mumzindawo, anayamba kuona pakhomo pa chipatala amayi ena okhala patali ndi anzawo, ovala nsanza zonyowa, oweramitsa nkhope, amene odwala ena anali kuwathawa ndipo alonda anali kuwabweza. Dokotala mnzawo amene anawatsogolera m'dzikolo anawachenjeza kuti amayi amenewa adzawaswa mtima, poti panalibe chimene munthu akanawachitira. Awiriwa anali asanaonepo fistula chibadwire. M'malo motaya mtima, anafunafuna mabuku akale a madokotala a zaka za m'ma 1800, nawerenga zolemba za Sims, ndi za Naguib Mahfouz, dokotala wotchuka wa amayi wa ku Egypt amene anali atasoka ziboo zambiri m'dziko lakwawo, natengakonso njira ya Heinrich Martius wa ku Germany, yotenga kachidutswa ka mafuta a m'thupi la mayi yemweyo, kokhala ndi mitsempha yake ya magazi, ndi kukayala pamwamba pa msoko kuti balalo lipole bwino. Anayamba ndi ziboo zazing'ono, napita pang'onopang'ono ku zazikulu, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mayi mmodzi atabwerera kumudzi ali wouma, mbiri inawanda m'mapiri monse, amayi nayamba kufika, ena atayenda masabata, ena atapemphetsa ndalama ya basi kwa zaka, enanso atatsitsidwa m'basimo panjira chifukwa cha fungo.

Vuto linasanduka la malo. Mabedi a chipatala cha boma anali a odwala onse, ndipo panali malipiro amene amayi osaukawa sakanakwanitsa; nthawi zambiri a Hamlin anali kuwalipirira kuchokera m'thumba mwawo. Anamanga kanyumba kogonamo odikira opaleshoni m'bwalo la chipatalacho, koma nakonso kanadzaza. Sukulu ya azamba imene anadzera ija sinakhalitse, inatsekedwa itangotulutsa ophunzira owerengeka. Zaka zitatu za pangano zinatha, koma awiriwa sanamange katundu.

Pa zaka zimenezi, mu 1962, anafika mtsikana wina wa zaka ngati 16 dzina lake Mamitu Gashe, wochokera kumudzi wa kumapiri, atanyamulidwa ndi abale ake, mwana wake woyamba atafera m'mimba, ndipo iye mwini atavulala kwambiri kotero kuti ngakhale anamuchita maopaleshoni angapo, sanathe kumuchiza kotheratu. Mamitu sanabwerere kwawo. Pofuna kuthokoza, anayamba kuyala mabedi ndi kusesa m'chipinda cha odwala. Kenaka anali kulandira amayi atsopano ndi kuwalimbitsa mtima m'chinenero chawo, monga munthu amene anapyola m'moto womwewo. Pambuyo pake Reginald anamulowetsa m'chipinda cha opaleshoni kuti azimupatsira zipangizo, nayamba kuika manja a mtsikanayo pansi pa manja ake, kumuonetsa podula ndi posoka, kufikira tsiku linafika limene Mamitu, amene sanapondepo m'kalasi, anachita opaleshoni yonse yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'kupita kwa zaka anasanduka mmodzi wa akatswiri odziwa kusoka fistula koposa pa dziko lapansi, ndipo madokotala a madigiri ochokera m'mayiko ambiri anali kuimirira pambali pake kuti awaphunzitse. M'chaka cha 1989 bungwe la madokotala a opaleshoni la Royal College of Surgeons la ku England linamulemekeza ndi mendulo yagolide pamodzi ndi a Hamlin. Mwa zonse zimene Reginald Hamlin anachita, ine ndiona kuti ichi ndicho chachikulu, kuti anayang'ana mtsikana wosaphunzira, wodwala, wotayidwa, naona mwa iye dokotala. Ndipo akuluakulu sananame ponena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Maloto omanga chipatala chawochawo anatenga zaka zambiri. Reginald anayenda m'mayiko a Australia, New Zealand, Britain ndi America, akugogoda pa zitseko za mipingo, mabungwe ndi anthu achuma, kupempha thandizo la amayi amene dziko silinkadziwa n'komwe kuti alipo. Anagula malo otsetsereka m'mbali mwa mtsinje, kunja pang'ono kwa mzinda, namangapo nyumba za odwala pakati pa mitengo ndi maluwa. Koma taonani nthawi imene ntchitoyo inatha: chaka cha 1974 ndicho chimene asilikali, odziwika ndi dzina lakuti Derg, anagwetsa Haile Selassie pampando, ndipo zaka zotsatira, pansi pa ulamuliro wa Mengistu Haile Mariam umene unafika mpaka 1991, zinali za mfuti usiku, za kumangidwa kwa anthu popanda mlandu, za nkhondo ndi njala. Azungu ambiri anachoka m'dzikomo, ndipo chipatala cha Princess Tsehai chinasandutsidwa cha asilikali. A Hamlin anakhalabe, osalowerera ndale za mbali iliyonse, nasamutsira odwala awo kumalo atsopanowo, kumene ntchito sinaimepo ngakhale pa masiku amene zipolopolo zinali kulira mumzinda.

Tsono tiyeni tione zimene mayi amachitiridwa akalowa pachipata chimenechi, pakuti m'menemo ndi mmene muli nzeru yeniyeni ya chipatalachi. Choyamba, salipira kanthu, kuyambira tsiku lofika mpaka lochoka. Amamusambitsa, namuveka chovala choyera, namupatsa bulangete loluka ndi manja, la timagawo ta mitundumitundu, lolukidwa ndi amayi a kutsidya kwa nyanja amene sadzamuona konse. Ndipo amene amamugwira dzanja pomulandira kawirikawiri ndi mayi amene nayenso anafika pakhomo lomwelo akudontha, popeza ambiri mwa othandiza anamwino pachipatalapo ndi odwala akale amene anaphunzitsidwa ntchito. Madokotala sathamangira mpeni. Mayi amene wafika wowonda, wochepa magazi, wa zilonda pakhungu, amayamba wadyetsedwa ndi kupatsidwa mankhwala kwa masabata, mwinanso miyezi. Amene miyendo yake inauma amayamba kaye kuwongoledwa ndi akatswiri olimbitsa ziwalo kufikira atatha kuima ndi kuyenda. Opaleshoni imachitika mayiyo ali maso, atabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika. Dokotala amamasula chikhodzodzo ku zipsera zimene zachigwira, nasoka chiboocho mosakoka mnofu, kenaka n'kuthira madzi a mtundu m'chikhodzodzomo kuti aone ngati pali potulukira. Kwa masabata ngati awiri mayiyo amakhala ndi kapaipi kotulutsira mkodzo kuti msokowo upume, akumwa madzi ambiri. Ndipo tsiku lochotsa kapaipiko ndilo tsiku la mantha ndi chiyembekezo m'chipinda chonse, pamene aliyense amadikira kuona ngati nsalu ya pabedi ikhala youma. Mwa amayi khumi alionse, oposa asanu ndi anayi chiboo chawo chimatsekeka.

Koma a Hamlin anazindikira msanga kuti kusoka thupi ndi theka chabe la ntchito. Mayi amene wakhala zaka zisanu kapena khumi m'kakhumbi kayekha amaiwala kuyang'ana munthu kumaso, ndipo chimene chimamuchiza mtima, koposa mawu a mlangizi aliyense, ndi kuona kuti pabedi loyandikana nalo pali mnzake wa nthenda yomweyo, iye amene ankayesa kuti ndi yekha wotembereredwa pansi pa thambo. Podikira kupola amaphunzira kuwerenga, kulemba dzina lake ndi kuwerengera ndalama, komanso ntchito zamanja. Pa tsiku lochoka amapatsidwa diresi latsopano ndi ndalama yoyendera, kuti akalowe m'mudzi mwawo mutu uli m'mwamba. Ndipo wina asayese diresilo ngati chokongoletsa chabe, pakuti anthu amene anamuona akuchoka ndi nsanza zonunkha ayenera kuona ndi maso awo kuti chitonzo chija chachotsedwa. Amapatsidwanso khadi lofotokoza za opaleshoni yake, pamodzi ndi malangizo amphamvu akuti apumule miyezi ingapo asanakhalire pamodzi ndi mwamuna, ndi kuti akadzaimanso, anyamuke msanga kupita kuchipatala mwezi wake usanakwane, kuti mwanayo adzatulutsidwe pa opaleshoni, chifukwa kubereka mwa njira ya masiku onse kungang'ambenso msokowo. Ambiri abwerera m'zaka zotsatira atanyamula makanda amoyo kudzaonetsa madokotala awo.

Alipo ena ochepa amene chikhodzodzo chawo chinawonongeka kotheratu, moti palibe chosoka. Amenewa amachitidwa opaleshoni ina yopatutsa mkodzo kuti uzitulukira pamimba n'kugwera m'kathumba, ndipo popeza timatumbato sitipezeka kumidzi yakutali, sangathe kubwerera kwawo mosavuta. Chifukwa cha iwowa, m'chaka cha 2002 chipatalachi chinatsegula mudzi wotchedwa Desta Mender kunja kwa Addis Ababa, kumene amakhala pamodzi, kulima ndiwo zamasamba, kuweta ziweto, kuphika ndi kuphunzira malonda, kufikira amene angathe atapeza podziimira paokha. Masiku ano chipatalachi chimathandizanso amayi amene chiberekero chawo chinatsika, vuto lina lobwera ndi kubereka kowirikiza ndi ntchito yolemetsa, limene nalonso amayi amalibisa ndi manyazi.

Reginald Hamlin anamwalira m'chaka cha 1993, ndipo Catherine, ali ndi zaka 69, msinkhu umene ena amakhala atapuma kale, anasenza yekha utsogoleri wa ntchitoyo. Buku lake lofotokoza za moyo wawo, The Hospital by the River, linatuluka mu 2001. Mu 2004 anaonekera pa pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya Oprah Winfrey, ndipo anthu a ku America amene anali asanamvepo za fistula anatsanula thandizo. Ndi chuma chotere, pakati pa 2005 ndi 2010 anatsegula zipatala zina zisanu m'zigawo, ku Bahir Dar, Mekelle, Yirgalem, Harar ndi Metu, kuti mayi wa kumalire a dziko asayendenso ulendo wonse wa ku likulu.

Tsopano tibwerere ku mfundo ija tinasunga. Catherine anali kunena poyera kuti ngakhale atasoka ziboo usana ndi usiku, ntchito yake inali ngati ya munthu wokapa madzi m'bwato lobooka, chifukwa chaka chilichonse amayi ena atsopano anali kuvulala m'midzi imene munalibe mzamba wodziwa kuti matenda akapitirira tsiku limodzi, mayiyo ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala chokhala ndi opaleshoni. Fistula ya uchembere ndi nthenda imene siyenera kugwira munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo mankhwala ake enieni ndi mzamba, msewu, galimoto, ndi kusiya atsikana kuti akule asanakwatiwe. Motero m'chaka cha 2007, patapita zaka 48 chifikire m'dzikolo kudzatsegula sukulu ya azamba imene inafera m'mazira, mayi wokalambayu, ali ndi zaka 83, anatsegula Hamlin College of Midwives pa malo a Desta Mender. Sukuluyi imasankha atsikana omaliza sekondale kuchokera kumidzi komweko kumene nthendayi yafala, n'kuwaphunzitsa zaka zinayi mwaulere mpaka atalandira digiri, pa pangano lakuti adzabwerera kukatumikira m'zipatala zazing'ono za kwawo, kumene amadziwa chinenero ndi miyambo, ndi kumene amayi angawakhulupirire. Ena angaone ngati zaka 48 zimenezo zinali kuchedwa. Koma ndani akanatha kutseka chitseko pamaso pa amayi aja anali atagona pakhomo, n'kunena kuti dikirani, ife tinadzera kuphunzitsa?

Nkhaniyi si ya Aitiopiya okha, ndipo ife tisaiwerenge ngati ya kutali, poti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Kuno ku Malawi nakonso alipo amayi obisika m'nyumba ndi nthenda yomweyi, ndipo zifukwa zake tikuzidziwa: mtunda wautali wopita kuchipatala, mitsinje yodzaza nthawi ya dzinja, kudikira kuti mwamuna kapena mwinimbumba ayambe wavomera ulendo, kumwetsa mayi mwanamphepo kuti matenda afulumire pamene njira yatsekeka, ndiponso chikhulupiriro chija chankhanza chakuti mayi akachedwa kuchira ndiye kuti anayenda ndi amuna ena, kotero kuti m'malo momunyamula, amayi aakulu amamuzinga kuti aulule mayina, nthawi n'kumapita, mwana n'kumafooka m'mimba. Kuyambira m'chaka cha 2012 pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera ochizira fistula mwaulere, okhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la Freedom From Fistula Foundation la Ann Gloag wa ku Scotland, ndipo amayi ena ochira kumeneko amabwerera m'maboma awo kukafunafuna anzawo obisala ndi kuwauza kuti nthendayi si ufiti, ndipo imachizika. Lamulo la ukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatiwira, ndipo mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anathetsa maukwati a ana ochuluka nawabwezera anawo kusukulu. Pamene anamwino a kusikelo auza mayi wa kutali kuti apite kuchidikiro mwezi wake ukayandikira, akulimbana ndi mdani yemweyo amene a Hamlin anakumana naye pakhomo la Princess Tsehai. Ndipo tsiku la 23 May, limene bungwe la United Nations linapatula kuyambira mu 2013 kuti dziko lonse lizikumbukira za nthendayi, limasungidwa kwathu kuno monga ku Ethiopia.

Catherine Hamlin analandira ulemu wambiri m'ukalamba wake: mphoto ya Right Livelihood mu 2009, unzika waulemu wa dziko la Ethiopia mu 2012, ndipo kawiri konse dzina lake linaperekedwa kuti liganiziridwe pa mphoto ya mtendere ya Nobel. Odwala ake ndi antchito anali kungomutcha Emaye, ndiko kuti mayi. Anapitiriza kuchita maopaleshoni atapyola zaka 80, nakhalabe m'kanyumba kake ka m'bwalo la chipatalacho, kumene pa zaka zake zomaliza Mamitu Gashe, amene anafika kwa iye ali mtsikana wonyamulidwa, anali mmodzi wa omusamalira. Anamwalira pa 18 March 2020 ali ndi zaka 96, atakhala m'dzikolo zaka 61, ndipo pa nthawi imeneyo amayi oposa 60,000 anali atathandizidwa m'zipatala zimene iye ndi mwamuna wake anayambitsa. Zipatala zisanu ndi chimodzizo, mudzi wa Desta Mender ndi sukulu ya azamba zikuyendetsedwa lero ndi Aitiopiya eni ake, ndipo madokotala ochokera m'mayiko ena a mu Africa ndi Asia amapitabe ku Addis Ababa kukaphunzira kusoka fistula, kuti akachize amayi a kwawo.